Kamwala kadutsa pafupi ndi dziko, nde tiope chani kwenikweni?

Usiku wa pa 26 kulowa 27 Januwale 2023 kamwala kena kochokera mlengalenga kanadutsa pamwamba pa nsonga yakum'mwera kwa South America, makilomita pafupifupi 3,600 okha kuchoka pansi. Dzina lake 2023 BU. Kukula kwake pakati pa mamita 3.5 ndi 8.5, tingoti ngati lole yaing'ono. Kuti mumvetse kuyandikira kwakeko, masatelayiti omwe amatitumizira TV aja amakhala pa makilomita pafupifupi 36,000, ndekuti kamwalaka kanalowa mkati mwenimweni, kuyandikira kakhumi kuposa iwowo. Za mwezi nde musanene nkomwe, uwo uli kutali pa makilomita 384,000.

Nthawi zonse zoterezi zikachitika mawu omwe amayenda m'mafonimu amakhala amodzimodzi, eti dziko lapulumukira mkamwa mwa mbuzi, eti akutibisa, eti mapeto afika, pamwamba pake chithunzi cha chimwala chamoto chachikulu ngati phiri chikugwera pa tawuni. Ine zimenezi zimandiwawa ndithu, chifukwa zikutiphunzitsa kuopa chinthu cholakwika. Tsiku limene lija panalibe mbuzi ina iliyonse yomwe tinapulumukira mkamwa mwake. Olo kamwala kaja kakanalunjika pa ife, kakanapsa ndi kusweka mu mpweya womwe unakuta dzikoli, anthu akanaona chimoto chowala kumwamba kwa masekondi angapo, mwina timiyala tochepa nkugwera pansi, basi. Timiyala ta saizi ya mita imodzi kapena awiri timalowa mu mpweyawu kangapo chaka chilichonse, tambiri pamwamba pa nyanja zikuluzikulu komwe kulibe wotiona.

Chomwe chinachitika usiku umene uja ndi nkhani yabwino, ndipo ubwino wake ndi woti tinakaona kasanafike.

Anakaona ndi Gennadiy Borisov, pa 21 Januwale, ali pamalo ake oonera nyenyezi ku Nauchnyi ku Crimea. Bambo ameneyu matelesikopu ake amapanga yekha, ndipo ndi yemwe uja mu 2019 anapeza comet, nyenyezi ya mchira ija, yochokera kunja kwa banja la dzuwa lathu, yomwe pano imadziwika ndi dzina lake. Ntchito yake simayenda ngati m'mafilimu ayi. Umajambula malo amodzimodzi a thambo kangapo, kudikira maminitsi angapo pakati pa chithunzi ndi chinzake, kenako nkumazifananiza. Nyenyezi zonse zimakhala phee pomwe zinali. Koma pakati pa timadontho masauzande kamodzi kasuntha pang'ono, pa chithunzi chachiwiri kasunthanso, chachitatu kasunthanso molunjika komweko. Kadontho kameneko ndiye mwalawo. Umayeza pomwe kali, nkutumiza ku Minor Planet Center ku Cambridge, Massachusetts, komwe malipoti a dziko lonse amakumana, ndipo ena oonera nyenyezi m'maiko osiyanasiyana amalozetsa matelesikopu awo komweko kuti atsimikize. Pulogalamu ya pakompyuta ya NASA, bungwe la ku America loona za mlengalenga, yotchedwa Scout inatenga manambala oyambirira aja nkuwerengera msangamsanga kuti ayi, sikagunda, koma kadutsa pafupi kwambiri. Masiku angapo kasanafike zinali zitadziwika kale kuti kadutsa pati ndipo nthawi yanji, ndipo kanadutsadi pomwepo.

Tangoganizani, kanthu kakuda kofanana ndi lole, kali kutali zedi mumdima, kakuthamanga makilomita angapo pa sekondi, anthu nkukauzana kuti Lachinayi usiku kadutsa apa. Ine ndikamaganiza zimenezi mtima umakhala pansi, osati kudumpha.

Ndipo kunena zoona amene anakumana nazo tsiku limenelo ndi kamwalako osati ife. Kasanatidutse kamatenga masiku 359 kuzungulira dzuwa, koma mphamvu yokoka ya dziko lathu inakapotoza njira moti pano kamatenga masiku pafupifupi 425. Nalo dzina lake lija si lachinsinsi ngati momwe ena amaganizira, 2023 ndi chaka chomwe kanapezeka, B akutanthauza theka lachiwiri la Januwale, U ndi malo ake pa mndandanda wa miyala yomwe inapezeka m'masiku amenewo.

Tsopano chomwe chimandisowetsa tulo ine ndi china, ndipo chinaonekera bwino tsiku limodzi, pa 15 Febuluwale 2013. Tsiku limeneli akatswiri onse maso anali pa mwala wotchedwa 2012 DA14, wa mamita makumi angapo, womwe unapezeka chaka chathunthu mmbuyo ku La Sagra ku Spain. Zonse zinali zowerengedwa kale, udutsa makilomita pafupifupi 27,700 pamwamba pathu, palibe vuto, ndipo unadutsadi choncho. Koma maola angapo uwo usanafike, cha m'ma 9:20 m'mawa ku Chelyabinsk ku Russia, mwala wina wosagwirizana nawo nkomwe, wa mamita pafupifupi 20, unalowa popanda woona ngakhale mmodzi. Unabwera kuchokera mbali ya dzuwa, komwe telesikopu ya pansi pano singaone kanthu chifukwa cha kuwala. Unaphulikira m'mwamba, makilomita pafupifupi 30, ndi mphamvu yoposa bomba la ku Hiroshima kokwana maulendo pafupifupi 30.

Mavidiyo ake alipo ambiri chifukwa magalimoto kumeneko amakhala ndi timakamera kutsogolo. Kunja kukungocha kumene, nthawi yozizira kwambiri, anthu akupita kuntchito, mwadzidzidzi thambo lonse kuyera kuposa masana, zithunzithunzi za mitengo ndi nyumba kumathamanga pansi, kenako ziii, kungotsala chingwe cha utsi kumwamba. Nde munthu aliyense amatani akaona zachilendo panja? Amapita pa windo kukasuzumira. M'maofesi, m'masukulu, m'nyumba, anthu anaunjikana pa mawindo kuyang'ana utsi uja, osadziwa kuti kuwala kumafika nthawi yomweyo koma chimphepo cha kuphulika chimabwera pambuyo. Patadutsa miniti ndi kanthu, kwina maminitsi awiri kapena kuposera, chinafika. Magalasi onse phwaa kumaso. Anthu pafupifupi 1,500 anapita kuchipatala, ambiri mwa iwo atachekedwa ndi magalasi, nyumba zopitirira 7,000 zinaonongeka. Panalibe amene anamwalira, ndipo chimenecho chokha ndi chothokoza nacho. Chidutswa chachikulu, choposa theka la tani, anadzachivuula pansi pa nyanja ya Chebarkul mu Okutobala chaka chomwecho.

Nde onani, tsiku limodzi miyala iwiri. Womwe unali m'manyuzi, womwe anthu amauopa, sunakhudze munthu. Womwe unavulaza anthu unalibe dzina, unalibe hedilayini. Ndipo anthu aja akanangouzidwa ngakhale kutatsala ola limodzi lokha kuti chokani pa mawindo, ambiri sakanakhetsa magazi.

Zoterezi sizinathere pomwepo. Pa 13 Novembala 2020 kamwala kotchedwa 2020 VT4 kanadutsa makilomita pafupifupi 370 okha pamwamba pa nyanja ya Pacific, ndekuti msinkhu womwe International Space Station, chombo chokhalamo anthu mlengalenga chija, imayendamo, ndipo kanaonedwa patapita maola 15 katadutsa kale. Mu Ogasiti chaka chomwecho 2020 QG nayo inaonedwa itadutsa. Tiwiri timeneti tinali tating'ono, sitikanachita kanthu. Koma 2019 OK sinali yaing'ono, inali pakati pa mamita pafupifupi 60 ndi 130, inadutsa pa 25 Julayi 2019 makilomita pafupifupi 70,000 kuchoka kwa ife, ndipo gulu la oonera nyenyezi la SONEAR ku Brazil linailengeza kutangotsala tsiku limodzi. Mwala wa saizi imeneyo sumangoswa mawindo. Ku Tunguska ku Siberia pa 30 Juni 1908 chinthu cha mamita makumi angapo chinaphulikira m'mwamba nkugwetsa nkhalango yoposa masikweya kilomita 2,000, mitengo mamiliyoni kugona mbali imodzi ngati udzu wopondedwa. Kunali kutchire. Chikanakhala pamwamba pa mzinda bwenzi tikukamba zina. Akulu anati mphechepeche mwa njovu sapitamo kawiri, ndipo ife ndi miyala yapakatikatiyi tapitamo kale kangapo tisakudziwa.

Apa nde pali kusiyana komwe ndikufuna tonse tikumve. Miyala ikuluikulu ya kilomita imodzi kupita mtsogolo, yomwe ingasokoneze dziko lonse, yoposa 90 peresenti inapezeka kale ndipo palibe yomwe ikulunjika kuno m'zaka zomwe zawerengedwa. Timiyala tating'ono ngati 2023 BU mpweya umatithera wokha. Vuto lili pakati, miyala ya mamita makumi angapo mpaka mahandiredi angapo, yaikulu moti itha kufafaniza mzinda kapena chigawo, koma yaing'ono moti kuiona nkovuta. Mu 2005 nyumba ya malamulo ya ku America inalamula NASA kuti pofika 2020 ikhale itapeza 90 peresenti ya miyala ya mamita 140 kupita mtsogolo. 2020 inafika nkudutsa, ntchitoyo isanafike ndi theka lomwe. Lamulo linaperekedwa koma ndalama zokwanira zinachedwa kutsatira. Lero miyala yoyenda pafupi ndi njira ya dziko lathu yomwe ikudziwika yapitirira 35,000, koma yosadziwika ndiye yambiri.

Ndikudziwa wina akuti, aaa inu, padziko pali njala, matenda, nkhondo, madzi osefukira, nde tizitaya ndalama kuyang'ana miyala kumwamba? Funso limeneli sindikulinyoza ayi, ndi la munthu woganiza, ndipo nzoona kuti mwayi woti ine kapena inu tife ndi mwala wa mlengalenga ndi wochepetsetsa poyerekeza ndi ngozi ya pamsewu kapena matenda. Nanenso wina atandiuza kuti tisankhe chimodzi, chipatala kapena telesikopu, ndisankha chipatala osaganiza kawiri. Koma kusankha kwake sikuli choncho. Ndalama zomwe zimapita ku ntchito yosaka miyalayi ndi kadontho poyerekeza ndi zomwe maiko omwewo amathira mu zida zankhondo chaka chimodzi. Ndipo tsoka ili ndi losiyana ndi anzake onse. Chivomezi sungachiletse, namondwe sungamubweze, phiri la moto sungalitseke pakamwa. Mwala wa mlengalenga ukauona msanga utha kudziwa tsiku ndi malo zaka zambiri usanafike, ndipo utha kuukankha.

Kukankhako si maloto. Pa 26 Seputembala 2022 chombo cha NASA chotchedwa DART chinagunda dala kamwezi kakang'ono kotchedwa Dimorphos, mamita pafupifupi 150, komwe kamazungulira mwala wina waukulu, Didymos. Kankatenga maola 11 ndi maminitsi 55 kuzungulira kamodzi, chombo chitagunda nthawi ija inatsika ndi maminitsi opitirira 30. Pulojekiti yonse inadya madola pafupifupi 330 miliyoni, ndipo chombo china cha ku Ulaya, Hera, chinanyamuka mu Okutobala 2024 kukaona bwinobwino chilonda chomwe chinatsala. Koma njira imeneyi imagwira pokhapokha uli ndi nthawi. Umangosintha liwiro la mwala pang'ono kwambiri, ndipo kusintha kochepako kumafuna zaka kuti kusanduke makilomita masauzande. Mwala woonedwa kutatsala sabata sungaukankhe, ungangosamutsa anthu. Woonedwa utadutsa kale nde palibe chomwe ukanachita. Nchifukwa chake ine ndikuti chilichonse chikuyambira pa maso, roketi ibwera pambuyo.

Ndipo maso akaonjezeka zotsatira zimaoneka. Matelesikopu osaka miyalayi otchedwa ATLAS poyamba anali ku Hawaii kokha, thambo lakum'mwera linali ndi mpata waukulu. Mu 2022 anaonjezera telesikopu ina ku Sutherland ku South Africa ndi ina ku Chile, ndipo ya ku Chile ndi yomwe pa 27 Disembala 2024 inapeza 2024 YR4, mwala wa mamita pafupifupi 60 womwe nkhani yake inagwedeza dziko lonse. Ndipo nawonso unaonedwa patapita masiku awiri utadutsa kale pafupi nafe.

Nkhani ya YR4 ndiyofunika kuikhalira pansi chifukwa ndi pomwe anthu ambiri anataya chikhulupiriro pachabe. Anamva kuti kuthekera koti ugunda dziko pa 22 Disembala 2032 kuli pa 1 peresenti, kenako 2, kenako pa 18 Febuluwale 2025 kunafika 3.1, patangopita masiku ochepa akuti kwatsika pafupifupi kufika pa ziro. Anthu nkumati mwaona, asayansiwa amangolota, kapena abisa dala kuti tisachite mantha. Ayi abale, umo ndi momwe masamu ake amayendera. Mwala ukangopezeka kumene njira yake siidziwika ndendende, nde yerekezani kuti mwawalitsa tochi pa khoma, kuwala kwatambasuka, ndipo mwalawo mu 2032 utha kukhala pena paliponse mkati mwa kuwalako. Dziko lathu ndi kakhobidi kakang'ono komatidwa pa khomapo, mkati mwa kuwala. Usiku uliwonse akamauyeza kuwala kuja kumachepa, ndipo bola kakhobidi kakadali mkati, gawo lomwe kakutenga limakula, nde peresenti imakwera. Kuwala kukachepa mpaka kakhobidi kutsala kunja, peresenti imagwa kamodzinkamodzi. Zomwezi zinachitika ndi mwala wina wotchedwa Apophis mu Disembala 2004, inakwera mpaka 2.7 peresenti kenako nkugwa. Manambala onsewa amaikidwa poyera tsiku ndi tsiku ndi NASA komanso European Space Agency, aliyense kuwerengera payekha, ndipo oyeza ake ndi anthu ambirimbiri m'maiko omwe ena sagwirizana nkomwe pa ndale. Chinsinsi chotere sichingasungike, thambo ndi la aliyense yemwe ali ndi telesikopu.

Nde mukamasheya uthenga woti NASA yachenjeza kuti mwala ugunda sabata ya mawa, inu musanaufufuze, dziwani kuti pali chomwe mukuononga. Munthu akaopsezedwa kasanu ndi nkhani yabodza, kachisanu ndi chimodzi samvanso. Tsiku lomwe chenjezo lenileni lidzabwere, loti anthu a dera lakuti mawa m'mawa musakhale pafupi ndi mawindo, kapena samukani kwa masiku awiri, tidzafuna anthu omwe makutu awo sanagonthe. Ichi ndi chomwe chimandipweteka kwambiri pa mahedilayini oopseza aja, akudya chikhulupiriro chomwe tidzachifune pa tsiku lovuta kuti angopeza malayiki a lero.

Ndipo machenjezo enieniwo anayamba kale kuchitika, kungoti pa timiyala tating'ono. Koyamba kanali 2008 TC3, Richard Kowalski wa Catalina Sky Survey ku Arizona anakaona kutatsala maola osakwana 24, akatswiri nkunena kuti kalowa pamwamba pa kumpoto kwa Sudan, ndipo kanalowadi pa 7 Okutobala 2008. Pambuyo pake Peter Jenniskens ndi Muawia Shaddad anatenga ophunzira a pa University of Khartoum, kuima mzere mu chipululu cha Nubia kumayenda pang'onopang'ono maso ali pansi, mpaka anatola zidutswa mahandiredi. Mu Juni 2018 kena, 2018 LA, kanaonedwa maola angapo kasanaphulikire pamwamba pa Botswana, zidutswa zake nkudzapezeka mu Central Kalahari Game Reserve. Mu Januwale 2024 Krisztián Sárneczky wa ku Hungary anaona kena maola pafupifupi atatu kasanawale pafupi ndi Berlin, anthu anatuluka panja ndi mafoni kukadikira. Pano zoterezi zachitika maulendo oposa khumi. Kamwala kalikonse kotere, ndi kalikonse kodutsa pafupi ngati 2023 BU, ndi mayeso aulere a ntchito yonseyi, kuyambira kwa woona, wowerengera, mpaka wolengeza.

Zomwe ine ndikufuna sizambiri. Telesikopu ya NEO Surveyor, yomwe idzakhale mlengalenga nkumasaka miyala poona kutentha kwake osati kuwala kokha, ndipo idzatha kuyang'ana pafupi ndi mbali ya dzuwa komwe wa ku Chelyabinsk uja anachokera, isachedwetsedwenso chifukwa cha bajeti monga zinachitikira kale. Vera C. Rubin Observatory ku Chile, yomwe pa zithunzi zake zoyambirira mu 2025 inapeza miyala yatsopano yoposa 2,000 m'maola ochepa chabe, ipatsidwe anthu okwanira otsatira zomwe ikupeza. Radar yaikulu ya ku Arecibo ku Puerto Rico inagwa mu Disembala 2020, ndipo imeneyo inali imodzi mwa zida zamphamvu zoyezera mtunda ndi maonekedwe a miyalayi, mpata umenewo ukufunika kutsekedwa. Ndipo chomwe sichifuna ndalama nkomwe, mwana aliyense aziuzidwa kusukulu kuti ukaona kuwala kwachilendo koopsa kumwamba usathamangire pa windo, choka pafupi ndi magalasi, dikira maminitsi angapo chiphokoso chidutse kaye.

Mayeso aakulu a makutu athu akubwera pa 13 Epulo 2029, lidzakhala Lachisanu. Apophis, mwala wa mamita pafupifupi 340, idzadutsa makilomita pafupifupi 32,000 pamwamba pathu, mkati mwa masatelayiti a TV aja. Ndikudziwiratu kuti mauthenga a mapeto a dziko adzachuluka kuposa kale, nde ndinene pano zaka zisanakwane, sidzagunda. Mu 2021 anaiyeza ndi radar nkutsimikiza kuti kwa zaka zosachepera 100 palibe chiopsezo. United Nations inasankha chaka chimenecho kuti chikhale chodziwitsa anthu za miyalayi ndi kuteteza dziko, ndipo chombo chomwe chinabweretsa dothi la mwala wina wotchedwa Bennu mu 2023, chomwe pano chikutchedwa OSIRIS-APEX, chinapatsidwa ntchito yokaitsatira ikadzangodutsa. Kwa anthu a ku Africa, ku Ulaya ndi kumadzulo kwa Asia idzaoneka ndi maso enieni popanda telesikopu, kadontho kowala pang'ono kakuyenda pakati pa nyenyezi zomwe zili phee. Mulungu akadzatisunga ine usiku umenewo ndidzazimitsa magetsi onse, kutulutsa ana panja, nkuwalozera kuti uwo uko, anauona mu 2004.